Apa Musawawerengere Amayi

14 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti kuno kwazizira, ndipo zenera la chipinda changa silitsekeka bwino. Ndikudziwa kuti makalata anga mumawawerengera amayi mokweza. Ya leroyi muyambe mwaiwerenga nokha, chifukwa muli mawu oti iwo asawamve.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali kochapa zovala kuja, koma abwana anandichotsa pakauntala n'kundiika kuchipinda chositira. Anati, "Iwe simbi imakumvera, usatayire nthawi pa zolembalemba." Ndinathokoza, koma si ine mwana. Ndinali nditamva kasitomala wina akuwafunsa ngati diso langali silipatsirana. Ndiye ndimakhala ndekha ndi mashati a anthu osawadziwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lina ndinapezeka ndikukalipira jekete chifukwa chokana kuwongoka. Sekani, ndakulolani.

Lachiwiri lapitali ndinakaonana ndi dokotala wa maso, monga amayi akhala akundiumirizira chibwerereni kuno. Mukuwadziwa mawu awo: "Ng'ala imeneyo kutauni amangochotsa ngati chitsotso." Pabenchi aliyense anali ndi womuperekeza. Namwino atafunsa kuti ndabwera ndi ndani, ndinamuonetsa chikwama changa. Iye anaseka, koma ine zinandiwawa.

Adokotalawo, bambo wachikulire wofatsa, anandiuza kuti ndiike chibwano pamakina, n'kundiunika kwa nthawi yaitali. Kenako anati, "Mayi, iyi si ng'ala. Ng'ala imakhala m'kati. Ichi ndi chipsera, chili pagalasi lakunja la diso. Ife timachitcha lukoma." Anandilembera dzinalo papepala. Zaka zonsezi anthu akhala akundiitana Kadiso, ine osadziwa kuti choyera changachi chili ndi dzina lake la m'mabuku.

Anandifunsa ngati ndinadwalapo chikuku ndili mwana, ndinavomera. Ndiye anati, "Nanga m'disomo anakuthirani chiyani?" Ndinati sindikukumbuka. Achemwali, ndinanama. Ndimakumbuka kapu yachitsulo ija, madzi obiriwira a masamba amene amayi anasinja, inu mutandigwira mutu pamiyendo panu, ine ndikukuwa ngati andithira moto. Adokotala sanalimbane nane. Anangoti, "Chikuku chinayambitsa kachilonda. Akanakubweretsani msanga, kakanapola. Chimene chinaotcha diso ndi zothirazo. Timaziona kawirikawiri."

Ndinafunsa za opaleshoni. Anati galasilo n'lotheka kulisintha, koma diso limene linasiya kuona ndili ndi zaka zinayi linaiwala kale ntchito yake, ndisayembekezere zambiri. Mwachidule, ndifa nacho.

Nditafika kunyumba ndinakhala pabedi osavula nsapato. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira inu, ndinakwiyira ngakhale mtengo umene unabala masamba aja. Ndinafuna munthu woti ndimuuze, koma mnzanga wa chipinda choyandikana sitidziwana n'komwe, timangopatsana moni pampopi. Mkwiyo wopanda woumva suchedwa kuzizira. Utazizira ndinayamba kuganiza za amayi, mmene amathawitsira maso ndikawayang'ana. Mwina akudziwa kale, achemwali. Mwina n'chifukwa chake amakakamira kuti ndi ng'ala, poti ng'ala ilibe woiyambitsa, ndipo imachoka. Akamva kuchokera kwa dokotala kuti ndi dzanja lawo, ndi mtima wawo wodwaladwala uja, sindikudziwa ngati angadzukenso.

Ndikanakubisirani inunso, koma m'kalata yanu munati maso a mwana wanu wamng'ono afiira ndipo agogo ake ayamba kale kunena zokafuna mankhwala. Chonde, mawa lomwelo mupite naye kuchipatala. M'maso mwake musalowe kanthu kosachokera kwa dokotala. Amayi akafunsa, muwauze kuti ndi alamu akana, alamuwo msana wawo ndi waukulu, mlanduwo ausenza. Inuyo musadziimbe mlandu. Munali ndi zaka khumi, munangochita zimene munauzidwa.

Tsamba ili muling'ambe. Kuyambira apa werengani mokweza, ndipo mawu anu asanjenjemere.

Amayi, ndi ine mwana wanu, ndikukupatsani moni. Ndili bwino, kuntchito amandikonda, ndipo anzanga ndi ambiri. Ndinapita kwa dokotala monga munanenera. Ati si ng'ala, ndi chipsera cha chikuku basi, ndipo palibe munthu amene akanachitapo kanthu. Ati ana ambiri anataya maso onse awiri ndi matenda amenewa, koma ine ndinapulumutsa limodzi chifukwa ndinali ndi mayi wondisamala. Ndiye musadandaulenso za ine. Muzimwa mankhwala anu a mtima, muzifunda bwino. Ndikadzabwera pa tchuthi, ndikufuna mudzandiyang'ane kumaso, mbali zonse ziwiri.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mzime