Chigumu Chimene Ndinakana Kuphunzira

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo ndithu. Patha zaka ziwiri chikuikireni m'manda kwathu ku Mvera, koma ndikamva nkhani iliyonse dzanja limathamangirabe pa foni kuti ndikuuzeni.

Ndiyambe ndi zokoma. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira bwino, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo kalilidwe kake n'ka munthu amene adzayambitse nyimbo ku Mvano. Chimanga chaka chino chatikana, mvula inadula chitangoyamba kumasula. Mtedza ndiwo watipukuta misozi. Fodya Yohane wamusiya, akuti alibe msana ngati wa abambo ake.

Abambowo ndili nawo kuno ku Ntchisi boma. Atawasudzula, abale awo a ku Bowe anafuna kuwatenga, koma ndinawapempha kuti akhale ndi ine poti chipatala chili pafupi. Mutu wawo, Amayi, wayamba kutaya zinthu. Tsiku lina amandidziwa, tsiku lina amandipatsa moni wa mlendo. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti anasiya kudya. Phala ankangolawa kawiri n'kukankha mbale. Lamba wawo tinamuboola bowo lina, pasanathe mwezi tinaboolanso lina. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mankhwala sangagwire ntchito m'mimba mopanda kanthu. Ndikawanyengerera ankangoyankha, akunena za inu, kuti, "Ndisiye iwe. A Nabanda akuphika chigumu, ndidya chomwecho."

Manyazi anga ali pamenepa. Mukukumbukira mmene munkandiitanira Loweruka m'mawa mukamakanya nthochi m'beseni? "Esinati, bwera udzaone, ine sindine mwala." Ine ndinkayankha ndili m'nyumba kuti ndikuwerenga, ndipo ndikadzayamba ntchito ndizidzagula buledi wa m'sitolo. Palinso tsiku lija munabwera ku sekondale, mutayenda wapansi, chigumu chili m'masamba a nthochi chikadali chofunda. Ndinachilandirira kuseri kwa kalasi kuti anzanga asaone, n'kukuuzani kuti musamandibweretsere zakumudzi. Inu munangoseka n'kuti, "Ndamva, a madamu." Simunabweretsenso, ndipo ine sindinapepese mpaka tinakutsekani maso.

Ndiye pofuna kuti abambo adye, a madamu anu anayamba kuphunzira kuphika ali ndi imvi ziwiri pamutu. Ulendo woyamba ndinatsata malangizo a pa foni. Ndinagula ufa wa tirigu, majarini ndi mazira, n'kukapempha uvuni kwa aneba. Chinatuluka chokongola, zidzukulu zanu zinanyambita ndi zala zomwe. Abambo anangochinunkhiza n'kufunsa kuti, "Keke imeneyi ndi ya ukwati wa yani?"

Ulendo wachiwiri ndinakumbukira kuti inu munkaphikira mgaiwa, m'poto. Kumsika ndinasankha nthochi zachikasu zosalala, zakudazo ndinazinyoza kuti n'zowola. Moto wonse ndinausonkha pansi ngati ndikuphika nyemba. Nditavundukula, pansi panali makala, pakati phala. Nkhuku za aneba zinabwera, zinachiyang'ana, n'kubwerera. Ndinakhala pakhonde n'kulira, ine mphunzitsi amene ndimakalipira ana a eni ake kuti samvera.

Mapeto ake ndinakwera minibasi kupita kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono a Rute. Anandiseka mpaka kugwira nthiti, kenako nawonso analira. Anandidulira mkoko wa nthochi ku dimba lanu lija, n'kundiuza kuti ndizivundike m'thumba ndi masamba mpaka khungu lide bii, chifukwa shuga wa chigumu ali mu nthochi zimene ine ndinkaziyesa zowola. Anati pansi pa poto ndiyale tsamba la nthochi lowawula, moto wapansi ukhale wochepa, makala ambiri ndiike pa chivundikiro. Poto wanu wakuda uja, wopanda chogwirira, ndinamupeza kuseri akumwetsera nkhuku. Pogawana katundu wanu ine ndinathamangira mbale zagalasi, potoyo ndinamudumpha. Ndinamukwecha ndi mchenga n'kumunyamula pamiyendo ulendo wonse wobwerera.

Muyeso wa soda wokha ndiwo amayi aang'ono sanaudziwe. Akuti munkatapa ndi zala zitatu. Koma zala zanu ndi zanga n'zosiyana, Amayi, ndipo nthawi yoziika pamodzi kuti tiyerekeze ndinaitaya ndekha.

Loweruka lapitali ndinayesanso. Ndinakanya nthochi ndi manja, osati ndi foloko, mgaiwa ndikuthira pang'onopang'ono. Podikira ndinalumbira kuti sindivundukula, ngakhale mtima unali m'mwamba. Fungo litayamba kutuluka ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Abambo, amene masiku onsewa timachita kuwagwira mkono, anatuluka okha m'chipinda n'kudzakhala pa mpando wa pakhonde.

Chigumucho chinapendekera mbali imodzi, ndipo m'mphepete chinapserera pang'ono. Ndinawadulira kachidutswa, n'kuwathirira tiyi. Anadya. Anatambasula dzanja, ndinawadulira china, anachimalizanso, n'kutola nyenyeswa za pa malaya. Ine ndinali nditagwada pambali, ndikuopa ngakhale kutsokomola.

Atapukuta pakamwa sanayang'ane ine. Anayang'ana kukhomo la khitchini, n'kutsitsa mawu ngati sakufuna kukukhumudwitsani. "Iwe mwana," anatero, "ukawauze amako kuti lero soda wawachulukira pang'ono. Koma asadandaule, ndadya."

Ndinafuna kuwauza kuti ndaphika ndine, kuti mwina andiyamikire. Ndinafunanso kuwakumbutsa kumene muli. Koma ndinaona kuti akadziwa zoona adzakankhanso mbale. Ndinangoti, "Ndikawauza, Bambo."

Ndiye ndakuuzani, Amayi. Soda wachuluka. Pepani kuti dzina lanu likunyozekera m'manja mwanga, inu amene simunalakwitsepo muyeso. Pepaninso chifukwa cha tsiku lija kuseri kwa kalasi. Loweruka likubwerali ndichepetsa, ndipo ndiziphika sabata ndi sabata m'dzina lanu, malinga abambo akudya.

Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esinati