Njinga yamoto ikugona nafe pabalaza

Aphungu,

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo timakhala m'besimenti, zipinda zapansi pa nyumba ya eni, ku Laurel kuno ku America, ine, amuna anga a Gracian ndi mwana wathu wamkazi Atikonda. Bambo akewa atipeza kuno chaka chomwechino. Ku Lilongwe ankayendetsa kabaza, ndiye atangofika anagula njinga yamoto yakale yoperekera zakudya m'makomo. Njinga imeneyi amaikonda kuposa ine, sindikunama.

Kutayamba kuzizira anasiya kuyenda nayo, n'kuilowetsa pabalaza podzera khomo lakuseri. Nditadandaula anati, "Kwathu inagonapo panja liti? Ukufuna tidzuke tipeze loko yekha?" Kenako mnzawo wa ku Zambia, a Chalwe, anawauza kuti, "Mudala, mphepo ya kuno ni yoipa. Mukaisiya chabe, oyilo izauma monga mwala." Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amailiza m'nyumba momwemo, mawindo ali otseka, ati akuitenthetsa. Kaalamu kakudenga kochenjeza za utsi katalira anakachotsa batire, kuopa kuti alandilodi angamve.

Tsopano Atikonda akumadzuka mutu ukumuwawa. Lamlungu anasanza, ndipo kutchalitchi anangogona pamiyendo panga. Anandinong'oneza m'Chingerezi chake chija kuti nyumba yathu imazungulira. Inenso ndimamva chizungulire, koma ndikafika kuntchito chimatha.

Dzana a Gracian anasuzumira oyilo pakagalasi ka pa injini, n'kupeza wayera ngati tiyi wamkaka. Anaimbira amayi awo kumudzi, iwo n'kuti, "Ndi ansanje amenewo, akutsatirani. Ayamba ndi njinga, tsopano agwira mwana." Pano a Gracian akuti aikokere njingayo pakhomo la kuchipinda kuti aziiyang'anira bwino.

Aphungu, ndili ndi mantha. Ndikuopa ufiti, ndikuopa kutaya mwana, ndikuopanso kuti ndikalimbikira kutsutsa aziti America yandiphunzitsa mwano. Nditani?

L.G., Laurel

Mayi L.G.,

Ndinakuyankhani pompopompo kalata yanu itangofika, koma ndikubwereza pano chifukwa mwina si inu nokha.

Mfiti mukuiopayo ili pabalaza panu, ili ndi matayala awiri. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wotchedwa kaboni monokisaidi, umene suoneka ndipo sununkha. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira kwathu. Mutu, kusanza, tulo tosatha, chizungulire chimene chimatha mukatuluka panja, zonsezo ndi zizindikiro zake. Kaalamu kaja sikankasokosa pachabe, kankakupulumutsani.

Tulukani ndi mwana lero lomwe. Mupite kuchipatala nonse atatu, mukanene za injiniyo osabisa kanthu. Atikonda akafooka kapena akavuta kudzuka, imbani 911, nambala ya zangozi. Batire libwerere m'kaalamu, ndipo njinga ituluke mochita kukankha, osailiza. Ngakhale ili yozima, thanki ya petulo si yogona nayo m'nyumba.

Oyiloyo sanalodzedwe. Injini ikalizidwa pang'ono n'kuzimitsidwa isanatenthe bwino, m'kati mwake mumachita thukuta, ndipo madziwo akasakanizika ndi oyilo amayera choncho. Kutenthetsa kwa a Gracian ndi kumene kukuidwalitsa njinga yawo. Muwauzenso a Chalwe kuti oyilo sauma ngati mwala.

Kuno njinga imagonekedwa chonchi. Tsiku lowala bwino a Gracian aikwere mtunda wautaliko kuti itenthe, kenako akhuthule oyilo wakaleyo, asinthe fyuluta, athire watsopano. Poyang'ana pakagalasi, njinga iime chilili pamalo osapendekeka, ndipo oyilo afike pakati pa timizere tiwiri ta pakagalasipo. Oyilo akadzayeranso, apite nayo kwa makaniko. Thanki aidzaze, athiremo mankhwala oletsa petulo kuwonongeka, amagulitsa m'masitolo a zipangizo za magalimoto, ndipo ayende nayo pang'ono kuti mankhwalawo azungulire. Batire la njingayo alichotse azilisunga pouma, pa kachaja kake. Apope matayala, adzoze tcheni, atseke ekizozi kuti makoswe asamangemo mudzi. Akatero aifunditse chovindikira chake, aimange ndi loko wolimba panja kapena m'kashedi, atapempha kaye alandilodi. Isalirenso mpaka kudzafunde.

Amuna anu si oipa mtima ayi. Akusamala chuma chawo momwe anaphunzirira kwathu, ndiye alankhuleni mwaulemu, muwawerengere yankho lino. Apongozi apitirize kupemphera, palibe akuwaletsa.

Koma a Gracian akakana, musakangane nawo. Tengani mwana mukagone kwa mnzanu wa kutchalitchi mpaka njingayo itatuluka. Akuneneni wamwano, zilibe kanthu. Njinga ikabedwa mudzagula ina, koma Atikonda muli naye mmodzi yekha.

Aphungu