Wakuba fodya wapezeka

Amake Obadiya,

Pepani, mupeza pakhomo pali zii pochokera ku chigwirizano. Ndaperekeza Obadiya kwa amalume ake ku Ntchisi, ine ndibwera mawa.

Wakuba ndindi zathu za fodya wapezeka, ndipo ndi Obadiya wathuyu, mlonda yemweyo amene tinamuika kuti azigona m'chigafa cha fodya. Waulula yekha m'mawa uno. Akuti anayamba kusuta chingambwe chaka chatha, ankapichira m'makoko a chimanga. Sabata ino wakhala akuyesa kusiya mwakachetechete, n'chifukwa chake mutu sukumuleka, mpaka anakukalipirani dzulo pa nkhani ya mchere chabe. Si malungo ayi, ndi chibaba. Ndiye wandifunsa kuti, "Ababa, ndisiya bwanji fodya ndikugona naye?" Pamenepo ndangomuuza kuti amange katundu.

Kwa amalume akewo amalima mbatata yokhayokha, mwanayu akakhale kumeneko mpaka tigulitse fodya. Makhadi a chipani ndatenga onse awiri, langa ndi lake, kuopa anyamata a yufi amene amawafunsa pokwera basi. Chigafa mutseke bwino dzuwa lisanalowe. Mupitenso kwa a Elifala mukatipepesere, mbuzi zawo zija tinangozinamizira kuti ndizo zikudya fodya wathu.

Chinanso. Pomanga katundu, mwanayu anayang'anitsitsa kaliwo wanga wosutira fodya pawindo. Kaliwoyo ndaponya m'chimbudzi, ndipo tapangana kuti tisiyira limodzi. Choncho mawa ndikabwera wolusa, musandiyankhe. Mungondidulira nzimbe ndizitafuna, ndipo mchere muthire wokwanira.

Ndine wanu,
Gideoni