Patenti ya chala cha Bambo

Lolemba, 4 Malichi

Nyengo yoikira mazira yafikanso. A Pyo, bwana wa gulu lathu, alamula kuti aliyense apereke maganizo awiri oti kampani ikalembetse patenti, chiphaso choletsa ena kukopera nzeru yako, mwezi uno usanathe. Mutu wanga uli gwa! Ndangopereka kapulogalamu kamene ndinawalembera Bambo chaka chatha. Manja awo amanjenjemera, akati agunde foni kamodzi chala chimagunda kambirimbiri. Kapulogalamuko kamasankha kugunda kumene iwo amafunadi, kwinako n'kutaya. Basi. Dzira lachiwiri ndionera mawa.

Lachitatu, 6 Malichi

A Ok, loya wa kampani, alemba za kapulogalamu kaja m'chinenero chawo. Chala cha Bambo tsopano ndi "chiwalo cholowetsera chizindikiro mosakhazikika". Ndawerenga kawiri, sindinawapezemo Bambo.

Pa nkhomaliro ndafunsa a Pyo kuti tiyamba liti kukaika m'mafoni a anthu. Anatsamwa ndi supu.

"Iwe Mirae, digiri ija unatola pamsewu? Patenti ndi mpanda, si munda. Makampani akuluakulu aja akadzabwera kuti tawabera, ife tidzatulutsa yathu, iwo yawo, tidzaopsezana pang'ono kenako tikamwera limodzi. Oika ndalama mu kampani amangowerenga kuti mipandayo ilipo ingati."

"Ndiye sitikapanga?"

"Komanso wina asakapange. Idya, mpunga ukuzizira."

Ndadya.

Lachinayi, 7 Malichi

Mvula. Dzira lachiwiri: batani losintha mtundu ukaliyang'ana nthawi yaitali. Andiombera m'manja.

Loweruka, 9 Malichi

Kwathu ku Gunsan. Bambo anandikokera ku holo ya okalamba kumene amakaphunzira zolimbitsa manja. Kani akhala akundilalika konseko! Ndapeza mafoni ali ndandanda patebulo ngati nsapato pakhomo. A Bang, mnzawo wa Bambo, akuti atha miyezi osamulembera mdzukulu wawo, akayesa zimatuluka zilembo za nkhuku.

"Uyu ndiye injiniya uja?" anatero. "Sanakufanane, Seo. Ali ndi nzeru."

"Khala chete, nkhalamba iwe, ungataye mano," Bambo anayankha.

Ndaika kapulogalamu kaja m'mafoni onse. Andipatsa malalanje thumba lonse. Sindinaganize kanthu, kapena ndinaganiza koma chapatali.

Lachiwiri, 12 Malichi

Pakamwa panga. Ndinatchula za ku Gunsan tikumwa khofi, a Ok anamva. Sanakalipe, iwo sakalipa. Akuti pulogalamuyo ndinailembera pa laputopu ya kampani, choncho ndi ya kampani, ndipo ikamwazika chonchi patenti ikhoza kugwa. Ndiizimitse kuchokera kuno pofika Lachisanu.

A Pyo anaonetsa mtima wawo wabwino, umene amautulutsa kamodzi pachaka ngati suti yapamaliro. "Ya bambo ako isiye, tidzati ndi yoyeserera. Ifenso ndife anthu."

Ndinawerama n'kuthokoza. Khosi linawerama lokha.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndazimitsa. Mayina a mafoni amangosanduka otuwa, limodzi limodzi, la Bambo lokha n'kutsala lobiriwira. Kenako ndakagula mankhwala otsukira mano. Anali pa mtengo wotsika.

Lachisanu, 15 Malichi

Ku ofesi, pakhoma la polandirira alendo, akhoma kale msomali wa chiphaso changa cha patenti, chiphasocho chisanabwere n'komwe.

Bambo anaimba ndili m'sitima. Akuti ku holo mafoni onse abwerera ku misala yawo. A Bang amati alembere mdzukulu, anaimbira dokotala wa mano.

"Yanga yokha ndiye ikugwira. Ndawauza kuti mwana wanga akonza. Ukonza liti?"

Ndinafotokoza za mpanda, za akuluakulu, za oika ndalama. Ndinafotokoza bwino, ngati a Pyo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye wazimitsa ndiwe."

"Eya, Bambo."

Kumbuyo kwawo ndimamva wina akutsokomola.

"Zimitsanso yanga. Ndingakhale bwanji pakati pa anzanga ndi foni yomvera ndekha? Akundipempha kuti ndiziwalembera mauthenga, ine ndi manja angawa."

"Bambo, yanu analola."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinatsika pa siteshoni yomwe si yanga, ndinakhala pa benchi, ndinatsegula laputopu pamiyendo. Foni ili kukhutu.

"Watha?"

"Ndatha."

"Chabwino. Udule ndiwe, ine batani lofiira sindilipezanso."