Tambala wa ku Burkina

Lachiwiri, 3 Sepitembala 2024

Masiku 25 kuti chinkhoswe cha mwana wanga Tusekele chichitike. Holo tinabukitsa kale ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis. Zitenje zafika, mtundu wake si womwe ndinasankha, koma basi. Nditaweruka ndadiraiva mpaka ku Nappanee kwa mlimi wina woyendera ngolo ya hatchi, ndagula msoti wamoyo, wofiira. Uli m'galaja, m'katoni ya TV. Kuchikazi zonse zili m'malo: nkhoswe ndi achimwene anga a Lucious, msoti ulipo, lichero lilipo.

Kuchimuna? Zii.

Mnyamatayo ndi wabwino, sindikana. Wendyam, wa ku Burkina Faso, wa zamakompyuta pachipatala ku Indianapolis. Ulemu ali nawo. Koma nkhoswe yake ili kuti? Makolo ake anamwalira, analeredwa ndi malume ake. Miyezi itatu ndikuimba nyimbo imodzi: malumewo alankhule ndi achimwene, ngakhale pafoni. Yankho lomwelomwelo: "Amayi, netiweki." Netiweki! Kwathu ku Ntchisi anthu amakwera pachulu n'kuimba foni bwinobwino.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Shifiti yapawiri kunyumba ya okalamba. Msana ngati wa munthu wina. Mzungu woyandikana nane wafunsa ngati ndili ndi chilolezo chowetera nkhuku. Ndamuuza kuti ndi mlendo, achoka pa 28.

Wendyam akuti mnzake wa ku Togo aimirire ngati nkhoswe. Achimwene aseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, tambala ndilandire kwa mnzake wa kujimu? Banja likadzavuta tidzakamusaka kujimuko?" Ndi zoona. Nkhoswe si yokongoletsa zithunzi. Ndi munthu amene udzamugogodera mwana wako akadzabwera akulira.

Sophia wa kukwaya wandinong'oneza: "Anthu a ku West Africa awa muziwasamala. Mwina kwawoko kuli mkazi." Ndamukalipira. Koma mawuwo andikhala pamtima tsiku lonse.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Tapita ku Indianapolis titatuluka m'tchalitchi. Maola awiri ndi theka pamsewu, chimanga chokhachokha mbali zonse.

Ndanena patebulo, pamaso pa onse: popanda mawu a malume ake, chinkhoswe palibe. Ndikansela holo ndekha.

Tusekele wandiyankha m'Chingerezi chake chothamanga chija, choti ndisapeze polowera. Akuti akhoza kungopita kukhothi ku Downtown, mphindi khumi, ukwati watha. Mwana amene ndinamubereka ine! Wendyam anayamba kufotokoza za kwawo: asilikali kulanda boma kawiri chaka chimodzi, zigawenga kumpoto, misewu. Ndinamudula. Ndati ndale zanuzo n'zanu. Kwathunso mafuta kulibe, shuga kulibe, kwacha ikungogwa, koma chinkhoswe sichinalephereke chifukwa cha boma.

Wendyam anayang'ana m'mbale. Kenako: "Ndamva, amayi. Nditumiza uthenga."

Mwaona? Njira inalipo. Kumangofunika kuwakanikiza pang'ono anthuwa.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Tusekele sakuyankha foni. Wangotumiza mapu ndi nkhani zitatu za m'nyuzi. Sinditsegula. Sindili pasukulu ine.

Msoti waikira dzira. Galaja yonse fungo.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndatsegula pa buleki. Tiyi wazizira m'kapu.

Tauni ya kwawo ili kumpoto, ndipo zigawenga zinaizinga, chaka chachiwiri tsopano. Kumunda anthu sapita, ukapitirira nyumba zomaliza subwerako. Nsanja za foni anazigwetsa. Chakudya chimalowa ndi mdipiti wa malole, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, kamodzi pa miyezi ingapo. M'msewu mabomba okwirira. Dziko lokumba golide, lolima thonje lochuluka chonchi, anthu ake akuphika masamba a m'mitengo! Akuluakulu ali kulikulu, yunifomu yosita, kulonjeza pa TV kuti nkhondo itha posachedwa. Atsogoleri athu mu Africa muno anawaumba ndi dothi limodzi.

Nanga mnyamatayu osandiuza bwanji? Anandiuza. Lamulungu. Ndinamudula.

Ndamuimbira. Ndati zisiye mwana wanga, wa ku Togo yemweyo aimirire, achimwene ndilankhula nawo. Akuti uthenga unapita kale Lolemba. Bambo mfumu wa parishi ya kwawo ali ndi wailesi yolankhulirana ndi ku dayosizi, mawu awiri atatu basi. Iye anangoti mayi wa mkazi akufuna kumva mawu a malume. Yankho labwera dzulo. Malole amene anabweretsa chakudya akubwerera ku Ouagadougou, kulikulu kuja, opanda katundu, ndipo malume akwera, kuti akapeze foni.

Zaka 71. Akwera lole chifukwa ine, Magdalene wa ku South Bend, ndamenya tebulo.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Palibe.

Ndayeza pamapu. Kutalika kwa msewu wa malumewo kuli ngati kuchoka pano kukafika ku Indianapolis. Ulendo womwe ine ndimayenda ndikudya mtedza, n'kudandaula za maloboti a ku Kokomo.

Wotikongoletsera holo akufuna kudziwa ngati maluwa akhale oyera kapena achikasu. Aike ngakhale bonongwe.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Pa intaneti akuti mdipiti wina waukiridwa kumpoto. Uti? Sakunena. Angati afa? Boma lati zonse zili m'manja, ena akuti malole apsa. Wendyam akuimbira msuweni wake wa kulikulu ola lililonse. Msuweniyo amapita kudepoti m'mawa, kubwerako madzulo, chimanjamanja.

Achimwene: "Achemwali, mwambo ndi mwambo, simunalakwe." Foni ndinatsala pang'ono kuiponya m'sinki. Iwo anangoseka za kujimu, tebulo ndinamenya ndine.

Sophia wafunsa ngati azimayi timange duku lofanana. Ndamuyang'ana mpaka wachoka. Mkazi wa kwawo uja ali kuti, Sophia? Ndipo ine wamkulu ndi mano anga kumumvera!

Kuntchito ndamwetsa phala gogo wa m'chipinda 14. Ali ndi zaka zomwezo za malume.

Lamulungu, 22 Sepitembala

Tusekele wabwera osanena. Sanandikalipire, bola akanatero. Walowa m'galaja, wasintha manyuzi m'katoni, wauthirira madzi msoti. Pochoka wati, m'Chichewa, choyamba chaka chino: "Mami, akafa, Wendyam sadzakuimbani mlandu. Ndiye chikundiwawa n'chimenecho."

Kutchalitchi sindinaimbe.

Lolemba, 23 Sepitembala

Afika! Afika, Ambuye.

Foni yalira 12 koloko masana, ndathawira m'galimoto pamalo oimika kuntchito. Tonse pavidiyo: ine, achimwene ku Lawrence atavala jekete pamwamba pa yunifomu, ana awiriwo, ndi ku Ouagadougou.

Nkhalamba yowonda, kachipewa koluka, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Masiku khumi panjira. Kuima, kugona pansi pa lole, kudikira asilikali afufuze msewu. Lole ya patsogolo pawo inaponda bomba. Amene wanena zimenezo ndi msuweni, iwo sanazitchule n'komwe.

Ndiye aweramira pansi, n'kudzuka ndi tambala. Woyera, miyendo yomanga ndi kansalu, nthenga zothothoka pakhosi. Wendyam anawauzapo chaka chatha, nsanja yomaliza isanagwe, kuti kwa Amalawi mwamuna amapereka tambala. Anasunga. M'tauni yonse nkhuku zinatha kudyedwa, uyu anamubisa m'nyumba. Pa lole amagawana naye madzi.

Alankhula chinenero chawo, Wendyam akumasulira. "Mayiwo ananena zoona. Ndikanakhala ine, mwana wanga wamkazi sindikanamupereka kwa anthu amene sindinawamve mawu. Mnyamatayu ndi wanga. Akalakwa, mubwere kwa ine."

Achimwene akhosomola, aombera m'manja katatu, mwaulemu wonse: "Tamuona tambala. Tamulandira."

Ine ndati Wendyam, uwauze kuti pepani, ndinalakwa, sindinkadziwa. Wapukusa mutu. "Zimenezo sindimasulira, amayi. Akhumudwa. Ayesa kuti ulendo wawo unali wopanda pake."

Ndabwerera mochedwa ndi mphindi 20, maso ofiira. Bwana wandiyang'ana. Andilembe.

Lachitatu, 25 Sepitembala

Zakonzeka. Loweruka tambala akamuphera kwa msuweni ku Ouagadougou, nthawi yomwe ife tizipha msoti kuno. Wa ku Togo adzangogwirizira foni. Ndauza achimwene kuti tiike TV yaikulu kutsogolo, malume aonere zonse, mpando wawo tiuveke chitenje.

Wendyam waimba foni madzulo, ine ndikusita zitenje. Akuti malume sadzaonera. Mdipiti wobwerera kumpoto unyamuka Lachisanu, ndipo wina sukudziwika, mwina Disembala. Agula kale matumba awiri a mapira ndi mankhwala a shuga a akazi awo. Akazi awowo ali komweko, ndi zidzukulu zitatu.

Msewu womwewo.

Loweruka ine ndidzakhala ndikuvina ku Lawrence, duku kumutu, anthu akufupa, iwo ali pamwamba pa matumba.

Ndakuwa. Ndati ayi, uwauze kuti mayi wa mkazi akukana. Adikire ngakhale mwezi, lendi ya chipinda ndilipira ine, nditenga mashifiti ena. Uwauze kuti ndamenya tebulo. Anandimvera poyamba paja, andimverenso.

"Ndawauza kale, amayi. Aseka. Akuti ulendo uno si wanu."

Chitenje chapsa ndi simbi. Cha pampando wawo chija.