Injini Imene Amalume Anasankha ndi Khutu

Amayi anga okondedwa,

Kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba mpaka malata a pashopu akuchita kulira okha. Papita chaka ndi theka kuchokera pamene tinakuperekezani, ndipo ndinali ndisanakulembereni ngakhale mzere umodzi. Lero ndatseka shopu masanasana, njinga zamoto ziwiri za eni ake ndazisiya pabwalo osakonza, chifukwa ndili ndi nkhani imene singadikire mawa.

Ndiyambe ndi zakumudzi, mungandinene kuti ndathamangira zidole. Tamanda, chitsirizira wanu uja, anabereka mwana wamwamuna mu Julayi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akayamba kulira Lisasadzi yense amadziwa kuti wadzuka. Fodya anatuluka bwino chaka chino, ngakhale kuti chigafa chanu chakale chija chinagwa mbali imodzi ndi mphepo ya mu Malichi. Tinachidzutsa ine ndi alamu anga, mitengo yatsopano yokhayokha. Chimanga chilipo chofika nacho mu Febuluwale. Nazale tafesa kale kudimba, tikuthirira m'mawa ndi madzulo. Mbuzi yanu yamakani ija nayo ikadalipo. Mwezi watha inadya theka la buku la nyimbo la mpongozi wanu, ndipo iye akuti sakuigulitsa chifukwa cha ulemu wanu basi.

Nkhani yosakoma ndi ya alongo anu, amalume a Gidiyoni. Shuga uja wawamaliza maso. Pa maliro anu ankaonako mwa mbuu, koma tsopano ndi mdima wokhawokha. Miyendo ikutupa, ndipo kuchipatala anatiuza mosabisa kuti tiziwasangalatsa. Tanthauzo la mawu amenewo mukulidziwa, pajatu ndi omwewo anatiuza za inu. Mutu wokha uli bwinobwino. Makutu ndiye musanene, akadali aja a munthu amene anayendetsa chigayo zaka makumi atatu.

Mukukumbukira ndege ija ndinayamba kupanga inu mutayamba kudwala? Munkandipeza ndikupala timatabwa ta malaina kuseri kwa shopu n'kunena kuti, "Bambo wa ana atatu kusewera ndi zidole! Komabe bola sukumwa." Ndegeyo ndaimaliza, Amayi. Ndinatengera pa chithunzi chija agogo, atate anu, anabwera nacho kuchokera ku nkhondo ya ku Burma, ali chilili pambali pa ndege yankhondo yamimba yonenepa ndi mphuno yaifupi. Chilichonse ndinachepetsa kasanu ndi kamodzi, moti mapiko ake, kuchoka uku kufika uku, ndi otalika ngati chitseko. Mkati simukhala munthu. Ine ndimaima pansi n'kumaiwongolera ndi rimoti. Kuulutsako ndinaphunzirira pa kandege kakang'ono ka batire, kamene ndinakagwetsa kambirimbiri m'minda ya anthu mpaka manja atazolowera.

Ndinu amene munandiuza kuti agogo akakondwa ankatenga mtsuko wopanda madzi, kuikapo pakamwa n'kuyamba kulira ngati ndege imeneyi, inu ndi amalume muli ana n'kumagwa pansi kubisala, kuseka mpaka misozi. Ndiye nditamaliza kupaka penti, ndinanyamula thupi la ndegeyo kupita nalo kumudzi. Amalume analisisita ndi manja kuyambira kumphuno mpaka kumchira, osathamanga. Atatha anati, "Mphwanga, thupi ndaligwira, ndi lomwelo. Koma ine sindidzaiona ikuuluka. Chimene ndikufuna n'chakuti ndidzaimve ikulira monga ankalirira atate mumtsuko muja."

Apo m'pamene ntchito inakula. Ine ndinali nditaganiza kale zoikamo mota ya batire, yosavuta, yopanda utsi. Koma mota ya batire imangoti fyuu ngati fani ya mu ofesi. Munthu wosaona ungamuimike pabwalo kuti amve fani? Ndinazindikira kuti penti yonse ija, nyenyezi ndi manambala ndinajambula ndi kaburashi ka tsitsi limodzi, kwa amalume n'zachabe. Ndege yawo ndi injini basi. Ndikasankha molakwa, ndiye kuti awa apita osaimva, ndipo mwayi wachiwiri sindikuuona.

Ndinaimbira Yohane, mwana wawo uja ali ku Joni. Kumeneko kuli anthu amene amaulutsa tindege totere Loweruka lililonse, ndipo amagulitsana mainjini ogwirapo kale ntchito. Yohane anapita, anajambula mainjini atatu akulira, n'kunditumizira pafoni. Imodzi inali thu-sitiroko, mtundu wa makina ochekera mitengo aja. Ziwiri zinali fo-sitiroko, mtundu wa njinga zamoto zimene ndimakonza tsiku ndi tsiku, ina yaing'ono, ina yaikulupo. Anzanga a pa Kasungu pano onse anati nditenge thu-sitiroko. Ndipo sankanama ayi. Ndi yopepuka, ndi yamphamvu, mtengo wake ndi wabwino, ndipo mkati mwake mulibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Fo-sitiroko ili ndi mavalavu ofuna kuwasamala ngati khanda, ndi yolemera, ndipo mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi thupi lake.

Koma ine sindinkasankhira anzanga. Ndinatenga sipika yaikulu ya pashopu, chifukwa kasipika ka foni kamameza mawu onse a pansi, n'kuimangirira panjinga mpaka kumudzi. Ndinawakhazika amalume pakhonde, osawauza kuti iyi ndi iti. Nditaliza thu-sitiroko, sanadikire n'komwe kuti ithe. Anakupiza dzanja pakhutu n'kuti, "Chotsa udzudzu wakowo!" Nditaliza fo-sitiroko yaing'ono anapendeketsa mutu, anati yayandikira koma ikadali mnyamata, mawu sanakhwime. Yachitatu itayamba, ndu-ndu-ndu-ndu, yolemera, yosathamanga, anaimvetsera mpaka inatha. Anati ndibwereze. Ndinabwereza kanayi. Kenako anangoti, "Imeneyo."

Musaganize kuti ndinangotsatira khutu la nkhalamba mwachimbulimbuli, Amayi. Mwana wanu ndi makaniko, ndipo ndinakhala pansi n'kuziyeza ndekha. Ndege yamphuno yaifupi imalemera kumbuyo. Ndikainyamula ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko, mchira umagwa pansi, ndipo ndege yotero ikanyamuka imadzutsa mutu n'kugwa chagada. Ena amaika mtovu kumphuno kuti ilingane. Nanga ndinyamulirenji mtovu wosagwira ntchito, pamene kulemera kwa fo-sitiroko kungagwire ntchito yomweyo? Chimene anzanga ankachitcha vuto, kwa ine chinali mankhwala. Chinanso, kuno ndi kumtunda ndipo kukutentha, mpweya ndi wopepuka, injini iliyonse imafookako. Yaing'ono ija ikanandivutitsa ponyamuka, moti yaikuluyo inali yoyenera ngakhale amalume akanapanda kuitchula. Imazunguza pulopela yaikulu mosathamanga, monga zimakhalira pa ndege yeniyeni. Ndinayezanso ndi tepi, ndipo ndikaiika chozondoka imalowa bwinobwino m'chivundikiro cha kumphuno popanda kuboola paliponse. Chomaliza, imamwa petulo wamba wa pafilingi siteshoni. Zina zija zimafuna mafuta apadera amene kuno simungawapeze ngakhale mutayenda mpaka ku Lilongwe.

Inafika pa basi patatha milungu itatu, itakulungidwa m'thawulo, pamodzi ndi kabuku kake kachingerezi. Kabukuko ndinakaponya m'dirowa. Apa ndiye musekeretu, chifukwa munkanena kuti, "Dalitso, manja ako ndi anzeru kuposa mutu wako." Ine zaka makumi awiri ndikutsegula mainjini, ndiwerenge kabuku? Aliyense pa Kasungu pano, ngakhale amene wagula njinga dzulo, amadziwa kuti thu-sitiroko ndiyo timasakaniza oyilo ndi petulo, koma fo-sitiroko imamwa petulo woyera, oyilo wake amakhala payekha kunsi. Ndakalipirapo anthu ambiri pa nkhani imeneyi. Sindinadzifunse n'komwe kuti nanga pa kainjini aka pothirira oyilo pali pati. Ndinangoganiza kuti Yohane anatumiza ili yothira kale, ndizaona bwino ndikamaiika m'ndege.

Ndinaimangirira pa benchi ndi mabawuti, ndinapita nayo kumudzi, ndinathira petulo woyera, n'kupukusa. Inadzuka nditangopukusa kawiri. Ine mtima m'mwamba, ndikuyang'ana amalume kuti ndione kumwetulira. Koma iwo nkhope inali yokwinya. Mphindi isanathe anamenya ndodo pansi n'kukuwa kuti, "Zimitsa! Zimitsa, iwe! Yauma kukhosi imeneyo!" Ine sindinkamva cholakwika chilichonse, koma ndinazimitsa. Nditaikhudza inanditentha chala mpaka thuza.

Ndinabwerera ku Boma manyazi ali tho, n'kukatulutsa kabuku kaja. Patsamba loyamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu, analemba kuti injini iyi ilibe mosungira oyilo. Kuti ikhale yopepuka anaichotsera, ndipo oyilo wake umasakaniza m'petulo ngati thu-sitiroko. Ha! Nditaitsegula ndinapeza chitsulo chogwira pisitoni chitayamba kusintha mtundu. Chimene chinatipulumutsa ndi oyilo wotsalira wa mwini wake wakale, ndi khutu la alongo anu. Ikanalira mphindi ina imodzi ikanagwirana, ndipo kudikira ina kuchokera ku Joni ndi milungu imene sindikudziwa ngati amalume ali nayo. Kenako ndinasamba m'manja n'kuyamba ntchito. Ndinatsuka chilichonse, ndinasalaza pamene panakalika, ndinachuna mavalavu ndi kachitsulo koyezera, ndipo kabuku ndinakawerenga konse mpaka adiresi ya kuchikuto.

Dzulo Lamlungu, titaweruka kutchalitchi, tinayesanso. Ulendo uno ndinali nditaimanga m'ndege momwe, chivundikiro chili pamalo pake, mchira titaumangirira ndi chingwe ku mtengo wa mango kuti isathawe. Amalume anavala jekete lawo la mgonero ndi chipewa, dzuwa lonse lija. Anthu anadzaza pabwalo. Ndinapukusa pulopela kamodzi, kawiri, ndipo inadzuka. Poyamba ndinaisiya kuti izilira pang'onopang'ono, ngati munthu wong'ung'udza. Kenako ndinakankha kandodo ka pa rimoti. Amayi, mawu aja anachokera pansi, anadzaza bwalo lonse, fumbi koboo kumbuyo, nkhuku balala. Ndinawamva m'chifuwa muno.

Amalume anaimirira okha, osagwira ndodo, munthu amene masiku ano timachita kumudzutsa awiri. Milomo inkagwedera, akutsatira kulira kwa injini ndi pakamwa pawo. Nkhope ija inali ya mwana. Ndiye anatembenukira kunyumba kwanu n'kukuwa dzina lanu ndi mawu onse, kuposa injini, kuti, "Kaitaneni Esinati! Muuzeni asiye zimene akuchitazo, abwere adzamve atate!"

Tamanda anagwira pakamwa. Ine chala chinachoka chokha pa rimoti, injini inatsika n'kuzima. Amalume anaima choncho kanthawi, akudikira kuti mutuluke. Kenako anakumbukira okha, pajatu ndi iwo anatsogolera bokosi lanu. Anavula chipewa, anakhala pansi, n'kunena motsitsa kuti, "Ilize kachiwiri, mphwanga. Ndimva ndine m'malo mwake."

Ndinaliza mpaka thanki inauma. Ine ndi misozi, iwo ndi misozi, koma sitinalakwitse, Amayi. Injini ndi yomweyo.

Ndiye ndakulemberani chifukwa munaitanidwa dzulo, ndipo panalibe wopita kukakuuzani. Ndegeyi iuluka Loweruka likubwerali, m'mawa mphepo isanadzuke, pa bwalo la mpira la kusukulu, amalume ali pampando pakati pa bwalo. Ndalinganiza kulemera kwake, ndayesa rimoti kuchokera kutali, ndipo sindikukayika kuti inyamuka. Kumanda sitilowa popanda mwambo, zimenezo ndikudziwa, koma kumwamba kulibe anatiletsa. Ndikadutsa pamutu pa amalume, ndidzakhotera kumadzulo, ndidzatsitsa mpaka pamwamba pa mitengo ya kumanda kwanu ija, ndipo ndidzazungulira katatu mosathamanga. Mudzatchere khutu.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,

Dalitso