Chitsime Chanu Chaphwa

Amayi anga, kukuyenda bwanji kumene muliko? Ndine Filipo, mwana wanu wa ku Balaka, uja munkamuseka kuti ali ndi manja ogwirira choko basi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Marita ali ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Thonje tinapezako pang'ono, chimanga ndiye musafunse. Nyanja ya Chilwa yathawira kutali, matemba tikungowamva m'nkhani.

Kusukulu ndikuphunzitsabe Chingerezi. Dzana ndimafotokozera ana kuti Azungu ali ndi liwu limodzi lonena za kuya, ndipo amalipachika paliponse: chitsime, tulo, mawu a munthu, maganizo, ngakhale chisoni, kwa iwo zonsezi ndi zakuya. Ana anaseka. Ine ndinatuluka panja ngati ndaiwala kanthu, chifukwa m'maso munali mutalengeza misozi. Chitsime chanu chaphwa, amayi, chija munakumbitsa kuseri kwa mitengo ya mango kwathu kwa Mposa.

Marita amalawirira kudambo lakutali, mwana kumsana, kukatunga madzi amatope. Mwanayo sachedwa kutsekula m'mimba. Mbumba yonse inati tisamukire ku Nkaya, kumene amuna a Marita, a Jafali, apeza malo pafupi ndi mjigo. Popeza amalume anatsogola kale, mawu omaliza anali anga, ndipo ndinakanitsitsa. Ndinati manda anu sitingawasiye, tiyeni tikumbe, madzi ali pansi.

Tinakumbadi, tchuthi chonse chapitachi ndili kumudzi. A Jafali ndiwo ankatsika, ine ndikukoka ndowa ya dothi mpaka manja onse matuza okhaokha. Tinadutsa dongo, tinadutsa mwala wofumbutuka, chingwe tinachita kulumikiza. M'mawa uliwonse tinkayamba tatsitsa koloboyi woyaka, monga munkatiuzira muja: "Kumene moto sukupuma, munthunso sapuma. Koloboyi akazima, wina asatsike."

Loweruka lapitali koloboyi anazima. Tinamukoka, tinayatsanso, anazimanso. Apo n'kuti a Jafali atamanga kale chingwe m'chiuno. Anati, "Iyayi alamu, dothi layamba kunyowa, ndinaligwira ndekha dzulo. Wallahi, kwatsala pang'ono, madzi tiwapeza. Gwirani chingwe basi." Ndinayang'ana Marita. Anangofungatira mwana wake, maso ali pa ine. Mtima wanga unkafuna madzi amenewo, amayi, chifukwa akanapezeka bwenzi tikukhalabe pafupi nanu. Koma ndinamasula chingwecho ndi manja angawa, ndipo madzulo tinatseka pachitsimepo ndi mitengo kuti mbuzi zingagweremo.

Ndiye tikusamuka mwezi wamawa. Alamu ayamba kale kuumba zidina ku Nkaya, Marita akumanga mbewu m'timatumba, ndipo sitikuyankhulana zambiri. Zikundiwawa koopsa. Mutsala ndi amalume awiriwiri kunkhalango kuja, osamvanso kulira kwa mtondo wa ana anu. Mundikhululukire. Kukusiyani n'kowawa, koma kudzagoneka mkamwini wanu pambali panu, Marita n'kutsala wamasiye chifukwa cha khama langa, chimenecho sindikanachitha.

Chaka chilichonse mvula isanagwe ndizibwera kudzalambula pamene mwagonapo, kaya ndi wapansi. Ndipo tsiku langa likadzakwana, ndauza kale mbumba kuti asadzandiike ku Nkaya kapena ku Balaka. Adzandibweretse kwa inu.

Ndimakukondani, amayi.

Ine mwana wanu,
Filipo